Tsiku Limene Lilime la Anasopo Linakhala Chete

Mitanda 480 ya sopo, m'makatoni 12, katoni iliyonse mitanda 40. Galimoto ya kusukulu ya atsikana yogonera konko inali yoti ifika 2 koloko masana kudzatenga katunduyo. Atsikana pasukulupo alipo 240, ndipo aliyense amalandira mitanda iwiri, yosambira ndi kuchapira teremu yonse. Pofika 10 koloko m'mawa makatoni onse anali atamangidwa kale, ali ndandanda pakhomo la shedi ngati anthu odikira basi.

Mwini sopoyo anali Anasopo, mayi wamfupi wa mapewa otambalala, amene mikono yawo ili ndi timadontho toyera kuyambira m'zala mpaka m'zigongono. Timadonthoto ndi zipsera za kositiki, mankhwala owotcha ophikira sopo. Akhala akuphika sopo zaka 26 m'shedi ya malata kuseri kwa nyumba yawo. M'shedimo muli migolo iwiri yodulidwa pakati, chimthiko chotalika ngati munthu, zikombole zinayi za matabwa, waya wodulira, ndi mashelefu ofika kudenga pomwe sopo amaumira milungu inayi.

Ntchitoyi anaiphunzira kwa azakhali awo, chaka chimene bambo a kunyumba anamwalira n'kuwasiyira ana atatu ndi makina osokera opanda lamba. Azakhaliwo sanapiteko kusukulu, koma nkhani ya sopo ankaifotokoza moti ngakhale wogontha mutu amve.

"Kositikiyu ndi galu wolusa," ankatero. "Mafuta ndiwo chakudya chake. Akakhuta amagona, mwana n'kumamukoka mchira osaluma. Koma ukamumana, amadzuka n'kudya munthu."

Muyeso wa chakudya cha galuyo unali umodzi: malita 20 a mafuta, zitini zitatu za kositiki, kandowa kamodzi ka madzi. Pamenepo pamatuluka mitanda 120, ndiwo mkuphi umodzi. Chitinicho chinali cha mkaka waufa, chophwanyika mbali imodzi, ndipo Anasopo anachilandira kwa azakhaliwo pamodzi ndi chimthiko. Muyeso wachiwiri unali lilime. Sopo akauma, mwini shedi amanyowetsa chala, kupaka pamtanda, n'kukhudzitsa kunsonga kwa lilime. Sopo wabwino amangomveka sopo basi. Koma ngati galu uja sanakhute, lilime limachita thwa! ngati wanyambita waya wa magetsi. M'shedi ya Anasopo palibe wina amene ankaloledwa kulawa. Makasitomala onse ankadziwa mawu awo: "Lilime langa silinama."

Koma panali chinthu chimodzi chimene Anasopo anachisunga mumtima miyezi isanu ndi iwiri. Tsiku lina anamwa tiyi wongophulidwa kumene, milomo n'kupsa, koma kunsonga kwa lilime osamva kanthu. Anayesa mchere, anayesa ndimu. Kumbuyo kwa lilime kunkamva pang'ono, koma nsonga, yomwe inali maso a ntchito yawo, inali itachita dzanzi ngati chidendene. Zaka 26 zolumidwa ndi kositiki zinali zitaimaliza. Sanauze munthu. Anapitiriza kunyowetsa chala, kutsinzina, kugwedeza mutu n'kunena kuti "ali bwino." Ankadzilimbitsa mtima kuti lilime likagona, chitini chili maso. Zitini zitatu sizinawalakwitsepo.

M'mawa umenewo mpongozi wawo, mkazi wa mwana wawo wachiwiri, sanapite kumsika. Iye ndiye amagulitsa sopo wa Anasopo pabenchi, pamodzi ndi sopo waufa amene amayeza pa kasikelo ka mabatire. Ndi mtsikana wa masamu m'mutu, woti kasitomala asanamalize kufunsa iye wawerengera kale, koma pamaso pa apongozi ake mawu amawatulutsa ochita kuyeza. Dzulo lake ndiye analongedza makatoni onse 12, ndipo lero anatsala kuti athandize kukweza.

Anabweretsa tiyi kushedi. Anasopo anaona kuti kapu waigwira ndi zikhatho, zala zili tambalala m'mwamba ngati munthu wopaka utoto m'zikhadabo.

"Manjawo atani, mwananga?"

"Palibe, amayi. Ndi mphepo ya masiku anoyi."

"Mphepo yosankha zala zokha? Tatambasulani ndione."

Mtsikanayo anaika kapu pansi n'kutambasula. Nsonga za zala zinali psuu, khungu litasupuka, ndipo pakati pa zala panali ming'alu yotuluka timadzi. Anasopo sanafunike kuuzidwa. Mabala otere anakula nawo.

"Mwagwira thumba la kositiki?"

"Ayi, amayi. Thumba lija sindiliyandikira."

"Nanga?"

"Ndi dzulo polongedza paja. Manja anali ndi thukuta, ndiye ndinayamba kumva kuterera ngati ndagwira dzira losweka. Ndinatsuka. Pogona m'pamene zinayamba kutentha."

"Osanena bwanji?"

Mtsikanayo anayang'ana pansi. "Munali mutalawa kale, amayi. Ine ndikanati chiyani?"

Anasopo anapita pakhomo pamene panali makatoni. Anadula chingwe cha katoni yapafupi, n'kutenga mtanda wapamwamba. Unali woyera mbee, wolimba ngati njerwa, wa m'mbali mosongoka. Pamene mikuphi iwiri yomaliza inatuluka yoyera chonchi, iwo ananyadira, mpaka anauza mpongoziyo kuti polongedza aike yoyerayo pamwamba, yachikasu pansi, kuti a metroni, oyang'anira atsikana kusukulu kuja, akatsegula aone zokongola. Ananyowetsa chala, anapaka, anakhudzitsa lilime. Zii. Anatsinzina monga mwa masiku onse.

"Ali bwino," anatero. "Khungu lanu n'lofewa chabe. Pitani mukaike manjawo pampopi, madzi azingoyenderera. Osapaka kanthu."

"Chabwino, amayi."

Mtsikanayo anapita. Anasopo anatsala ali chilili, mtanda uli m'manja. Kunja kunkamveka madzi akugwera m'beseni. Wotchi ya pafoni inkati 10:35.

Oda ya kusukuluyi sinabwere ndi mphepo. Anaiyendera zaka zinayi, kunyamula zitsanzo, kukhala pabenchi kunja kwa ofesi ya a metroni mpaka matako kuchita dzanzi. Ataipeza, shedi inayamba kupuma bwino: katatu pachaka, mitanda 480 imachoka tsiku limodzi. Ndipo a metroni ndi munthu wosabwereza mawu. Sukulu ikutsegulidwa mawa. Galimoto ikabwerera yopanda kanthu, ndiye kuti basi.

Mwina ndi khungu lake chabe, anaganiza. Mwina anagwira mtanda umodzi wokha woipa. Mwina atsikanawo akamasamba ndi madzi ambiri sizidzaoneka. Kenako anaona m'maganizo mwawo kamtsikana kongofika kumene pasukulu, kali m'bafa m'mawa kuli chisanu, kakupaka thovu kumaso, m'maso, m'khwapa. Mpongozi wawo anangogwira ndi zala zokha, kwa maola awiri, ndipo zala zake ndi izo.

"Mwananga!"

"Wawa, amayi."

"Tabwerani."

Mtsikanayo analowa manja akudontha. Anasopo anatseka chitseko cha shedi, chinthu chimene sachita masana.

"Lawani inuyo."

"Ine, amayi?"

"Muno muli wina? Nyowetsani chala, mupake apa, mukhudzitse kunsonga kwenikweniko. Pang'ono pokha."

"Koma amayi, munalawa kale. Ine sindidziwa n'komwe kuti—"

"Mudziwa. Sizifuna sukulu."

Mtsikanayo anapaka ndi kachala kakang'ono komwe sikanasupuke. Litangokhudza lilime, mutu wake unabwerera m'mbuyo ngati wamenyedwa mbama. Analavula pansi, misozi ili lengelenge, n'kuthamangira kukachukucha m'kamwa. Pobwera sanathe kuwayang'ana apongozi ake kumaso.

Anasopo anakhala pansi pa chigubu cha mafuta.

"Ine sindinamve kanthu," anatero. "Lero, dzulo, mwezi watha. Miyezi isanu ndi iwiri tsopano. Lilimeli linafa, mwananga. Ndakhala ndikungotsinzina."

Padenga mbalame inkayenda pamalata, tswa tswa tswa.

"Ndinkaona ndiwo zikuchuluka mchere," mtsikanayo anatero motsitsa mawu. "Ndinkati mwina ndi mmene mumakondera."

"Ndiye mumangodya?"

"Timangomwera madzi, amayi."

Anasopo anaseka kamodzi, kuseka kopanda mano, kenako anamenya bondo. "Koma chitini! Zitini zitatu, monga kale. Sindinaonjeze ngakhale kambewu kamodzi. Mafuta ndi omwewo. Galuyu wadzuka bwanji?"

Mpongoziyo anali atayamba kale kuyang'ana pakona pamene pamakhala kositiki. Panali thumba latsopano lomangidwa kukamwa, ndi ndowa yovundikira.

"M'ndowamo muli chiyani, amayi?"

"Zotsala za thumba lakale. Zinatsala zosakwana zitini zitatu, ndiye ndinaziika padera n'kutsegula latsopano."

"Munatsegula liti?"

"Pa mkuphi wachitatu. Iwiri yoyamba ndi thumba lakale, iwiri yomaliza ndi latsopanoli."

"Yoyera ija."

"Yoyera ija," Anasopo anabwereza, mawu akutsika.

Anavala magolovesi awo a mphira n'kutsegula zonse ziwiri. Kositiki wakale anali wa mapalemapale, ngati mamba a nsomba yaikulu. Watsopanoyo anali wa timibulu ting'onoting'ono ngati shuga. Wa kusitolo ya mankhwala anawauza pogula kuti ndi yemweyo, wangosintha kaonekedwe, ndipo sananame: mphamvu yake inali imodzi.

"Dikirani, amayi." Mtsikanayo anathamangira kunyumba n'kubwera ndi kasikelo kake. Anaika chitini chopanda kanthu, anadina batani ndi chigongono kuti manambala abwerere pa ziro. "Dzazani wakaleyo, mmene mumadzazira."

Anasopo anadzaza, n'kusalaza pamwamba ndi kathabwa. Sikelo inati 800.

"Tsopano watsopanoyo."

Timibulu tinalowa m'chitini waa, osasiya mpata. Anasalaza. Sikelo inati 1,000.

"Ndi pamenepa," mtsikanayo anatero, ndipo tsopano mawu ankatuluka mothamanga ngati ali pabenchi pake. "Mapalewa akalowa m'chitini amatsamirana, pakati pamatsala mphepo. Timibuluti timadzaza paliponse. Chitini chake n'chomwecho, koma chikunyamula magalamu 200 oonjezera. Zitatu ndi 600. Mumafuna 2,400, mwathira 3,000. Pa zinayi zilizonse mwaonjezapo chimodzi."

"Ndiye kuti galu wakula, chakudya n'chomwecho."

"Eya. Kusukulu ankati kositiki ndi alikali, ndipo m'mafutamu muli asidi wofatsa. Ziwirizi zikakumana zimathetsana mphamvu, n'kutsala sopo. Koma zimathetsana mwa muyeso. Asidi wa m'malita 20 anatha, alikali wina n'kutsala alibe mnzake. Ndi amene wandidya zalayu."

Anasopo anayang'ana chitini cha azakhali awo. Sichinaname. Chinangofunsidwa funso limene sichikanatha kuyankha.

Nthawi inali 11:20.

"Mitanda 240 ndi yabwino, 240 ndi yoluma," anatero Anasopo. "Ndipo tazisakaniza tokha m'makatoni onse."

"Yoyera ili pamwamba."

"M'makatoni oyamba, inde. Nanga omaliza aja, mmene kunkada? Ndipo si yonse yooneka poyera. Ya m'mbali mwa chikombole imaoneka pakatikati. Simungalawe mitanda yonseyo, lilime lanu lingathe lero lomwe ngati langa."

Mtsikanayo anazengereza, kenako anapisa m'thumba la epuloni ndi zala ziwiri n'kutulutsa kabuku kakang'ono ngati ka machesi. Anasopo anakazindikira. Wa kusitolo uja anawapatsa ngati banyira chaka chatha, timapepala tachikasu toyezera ukali wa zinthu, ndipo iwo anakaponya pawindo n'kunena kuti amenewo ndi a anthu opanda malilime.

"Munakatola?"

"Ndinakasunga, amayi. Ndinalowa nako muno m'mawa, koma ndinasowa poyambira."

Pachikuto pa kabukuko panali mabokosi a mitundu, kuyambira ofiira mpaka obiriwira ndi a buluu wakuda, lililonse ndi nambala yake, 1 mpaka 14. Timapepala tinalimo 25. Anasopo sankakhulupirira chinthu asanachione chikugwira ntchito, choncho anayamba ndi zimene ankazidziwa. Kapepala koviika m'madzi a pampopi kanasanduka kobiriwira mopepuka: 7, pakati penipeni. Ka mu viniga amene amapukutira tebulo kositiki akatayikira kanafiira: 3, mbali ya asidi. Anadonthezera madzi pamtanda wachikasu, kupaka, kugunditsa kapepala: 10. Pamtanda woyera kapepala kanada nthawi yomweyo, buluu wopita kukuda: 13.

"10 ndi 13," anatero Anasopo. "Kusiyana kwake ndi atatu okha?"

"Ayi, amayi. Sitepe iliyonse ndi kakhumi. Kuchoka pa 10 kufika 11, kakhumi. Kufika 12, ka 100. Kufika 13, ka 1,000."

Anasopo anatenga mpeni n'kuyamba kudula zingwe za makatoni onse.

Anayala mapepala apulasitiki awiri pansi, lina kumanja, lina kumanzere. Anasopo ndiwo ankagwira sopo, atavala magolovesi. Mpongoziyo, manja atakulunga m'nsalu yonyowa, ankawerenga mokweza. Wachikasu kumanja, woyera kumanzere, wokayikitsa patebulo. Maso a Anasopo anali akadali akuthwa. Ankatembenuza mtanda kamodzi n'kudziwa. Koma mulu wa patebulo unkakula. Pofika 12:40 makatoni onse anali pululu, ndipo patebulo panali mitanda 58.

"Timapepala tatsala 21," anatero Anasopo.

"Tidule patatu," anatero mpongoziyo. "Tikhala 63."

Anadula ndi lumo la makina osokera aja. Tizidutswa take tinali tating'ono moti ankatigwira ndi kachitsulo kozulira nsidze. Dontho la madzi, kupaka, kugunditsa, kudikira, kuyerekeza ndi mabokosi a pachikuto pafupi ndi khomo pamene pali kuwala. Wobiriwira kumanja. Wakuda kumanzere. Mtanda uliwonse unkadya pafupifupi mphindi imodzi, ndipo thukuta linkawalowa Anasopo m'maso popanda dzanja lopukutira.

Anali pa mtanda wa 31 pamene hutala inalira kumsewu. Nthawi inali 1:15.

"Mayo ine," mtsikanayo ananong'ona. "Afulumira."

Dalaivala wa kusukulu, bambo wa mimba yake ndi kapu ya dzuwa, analowa kuseri akuzunguza makiyi pachala. Ataona makatoni ali yasa, sopo ali mbwee pansi, anaima.

"Anasopo, kodi mwagwa nawo? Ine ndimati ndingofika n'kunyamula. Ndili ndi matumba a shuga ondidikira kwina."

"Khalani pachigubupo, achimwene. Tipatseni theka la ola."

"Theka la ola la chiyani? Sopoyo si uyu?"

"Theka lake ndi woluma. Sakwera."

Dalaivalayo anavula kapu n'kukanda m'mutu. "Mayi, papepala langa alemba makatoni 12. Ndikafika ndi 6, a metroni andimeza ndi nsapato zomwe. Sopo ndi sopo. Wolumayo ndiye amachotsa litsiro bwino. Ana a masiku ano makosi awo mwawaona?"

Anasopo sanatukule mutu. "Wobiriwira. Kumanja. Winanso."

"Kapena muwaze viniga uyo pamwamba, si mumati amapha kositiki? Muwaze, tilongedze, tizipita."

"Viniga angafike pakhungu pa mtanda pokha, bambo," mpongoziyo anayankha. "M'kati mukhalabe moluma. Ndipo mukathira wambiri, asidiyo amaphwanya sopo n'kumubweza ku mafuta. Mukanyamula phala."

"Ha! Mwapeza loya, Anasopo." Anasendeza chigubu n'kutsitsa mawu. "Ndikuuzeni ngati mlongo wanga. Kuli mkulu wina wa kufakitale amene wabwera kawiri mwezi uno kwa a metroni, ndi sopo wonunkhira wa m'mapepala. Akungodikira inu mupunthwe. Mukatumiza theka lero, mwamutsegulira chitseko nokha. Kwezani onse. Akadandaula ana awiri atatu, mudzati ndi madzi a kumeneko."

Dzanja la Anasopo linaima m'malere, kachidutswa ka pepala kali kunsonga kwa kachitsulo. Zimene ananena bamboyo zinali zoona, ndipo iwo ankadziwa. Anaona mashelefu opanda kanthu teremu ikubwerayo. Anaona mpongozi wawo akuwayang'ana, osaphethira.

Anatola mtanda woyera kumanzere n'kumupatsira dalaivalayo.

"Lawani."

"Ndani, ine? Pepani, lilime langa ndimadyera."

"Mwana wanu wamkazi ali pasukulu pomwe paja, si choncho? Uja munkati wayamba chaka chino?"

Dalaivalayo anayang'ana mtandawo, anayang'ana nsalu zokulunga manja a mtsikana uja, mmene munkaonekera zala zofiira. Anabweza makiyi m'thumba.

"Imbirani a metroni nokha," anatero. "Ine m'kamwa mwanga musadutse."

Anasopo anavula golovesi limodzi. Foni inaitana kanayi.

"Mwakweza?" Anali mawu a a metroni, opanda moni.

"Ayi, mayi. Ndili ndi mitanda 240 yabwino. Ina 240 yalakwika, yachuluka kositiki. Ingawotche ana."

"Sukulu ikutsegulidwa mawa."

"Ndikudziwa, mayi."

"Mwadziwa liti zimenezi?"

"Lero m'mawa. Yamusupula zala mpongozi wanga."

"Zaka zonsezi mwakhala mukundiuza kuti lilime lanu silinama."

Dalaivala anali pomwepo, mpongozi pomwepo, ndipo mawu a pafoni ankamveka shedi yonse.

"Linasiya kumva, mayi. Papita miyezi isanu ndi iwiri. Ndinabisa."

"Ndiye sopo wa teremu yatha munamuyeza ndi chiyani?"

"Sindinamuyeze. Anakhala bwino mwa mwayi, chifukwa kositiki anali wakale."

Anasopo anachotsa foni kukhutu kuti aone ngati yaduka. Masekondi ankayendabe. Kumbali inayo kunkamveka patali phokoso la mabedi achitsulo akukokedwa.

"Amene mukuti wabwinoyo mwamudziwa bwanji?"

"Tayeza ndi mapepala oyezera. Wabwino akufika pa 10, woipa pa 13. Wokayikitsa aliyense tamuyeza payekha."

"Tumizani 240, aliyense ayambe ndi umodzi. Otsalawo ndikuwafuna pasanathe masiku khumi. Mubwere nawo nokha, ndi mapepala anuwo, mudzayeze ine ndikuona, katoni iliyonse. Likakwana tsiku la khumi ndi limodzi, musavutike n'kubwera."

"Zikomo, mayi. Nanga za teremu ya mawa?"

"Za teremu ya mawa sindinanene kanthu." Foni inaduka.

Anasopo anavalanso golovesi lija.

"Mtanda wa 32," anatero mpongoziyo mofatsa.

Anamaliza 1:50. Kumanja kunali mitanda 237. Itatu inaonetsa mtundu wosadziwika bwino, pakati pa 11 ndi 12, ndipo Anasopo anaiponya kumanzere osaganiza kawiri. Mpongoziyo anakatenga itatu m'dengu lake la kumsika, ya mkuphi wa miyezi yapitayo, ndipo nayonso anaiyeza. Tizidutswa ta pepala tinatsala tiwiri. Dalaivala anathandiza kumanga makatoni 6 n'kuwanyamula yekha awiriawiri.

"Koma Anasopo," anatero ali pachiwongolero, "nkhani ya lilimeyi ndikaisunga. Ine si wa pakamwa."

"Kaiuzeni aliyense amene mukumane naye, achimwene. Mundipeputsire ntchito."

Galimoto itapita, awiriwo anabwerera m'shedi. Mulu wa kumanzere unali pomwepo, woyera, wokongola kuposa sopo aliyense amene Anasopo anaphikapo. Anamasula nsalu m'manja mwa mpongozi wawo n'kuyang'ana zala chimodzichimodzi.

"Izi mukaonetse kuchipatala lero lomwe. Ndipo sabata ino simugwira madzi a sopo, mbale nditsuka ndine."

"Anthu adzati chiyani, amayi, apongozi akutsukira mbale mtengwa?"

"Adzati mchere wachepa m'ndiwo, chifukwa wothira mukhala inu." Anakhala pachigubu. "Tsopano tawerengani. Galuyu akufuna chakudya chochuluka bwanji kuti agone?"

Mtsikanayo sanafune pepala. "Kositiki anapyola ndi gawo limodzi pa anayi, ndiye mafutanso aonjezeke gawo limodzi pa anayi. Pa malita 20, ndi malita 5. Mikuphi iwiri, malita 10. Ndipo sopo achuluka, amayi. Pa 240 paja patuluka pafupifupi 300."

"Mumaona zabwino zokhazokha inu."

"Nanga si zoona?"

Anasopo anadzuka, anatsuka chitini cha azakhali awo, anachipukuta, n'kuchikoleka pamsomali pamwamba pa chitseko. Pamalo pake patebulo anaikapo kasikelo kaja, ndipo anatenga khala n'kulemba pakhoma ndi manambala akuluakulu: 2,400.

Madzulo ano Anasopo ayamba kupala mitanda yoluma ija ndi chopalira karoti, atavala magolovesi, mpaka yonse isanduke zipalepale. Mawa 6 koloko m'mawa mpongozi wawo apita kusitolo ya mankhwala kukagula malita 10 a mafuta, timabuku tiwiri ta mapepala oyezera, magolovesi ena ndi sikelo yachiwiri, kuti ya kumsika ibwerere pabenchi. Akabwera, Anasopo asungunula zipalezo m'migolo iwiri ndi madzi pang'ono, athira malita 5 m'mgolo uliwonse, atakasa pamoto wochepa maola atatu, ndipo ayeza ndi pepala asanathire m'zikombole. Sopo wophikidwanso chonchi amalimba pa sabata imodzi. Tsiku lachisanu ndi chitatu adula, lachisanu ndi chinayi akwera basi ndi makatoni 6 kupita kwa a metroni.